Maginito Amene Sakoka

A Pitala Chimbalanga anawononga malata atatu a aluminiyamu asanavomere kuti dzanja lawo lasiya kuwamvera. Munthu wina akanavomera pa lata loyamba, koma a Pitala mutu wawo unali wouma chibadwire. Anagwira ntchito yokonza makina pa fakitale ya nsalu ku Kadoma zaka makumi atatu, ndipo ntchito itatha anakhazikika pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yawo ku Rimuka, dera la mu Kadoma momwemo, n'kumakhoma zidebe, mapoto ndi mbaula. Mzimayi aliyense wa mumsewu wawo anali ndi chiwiya chimene chinadutsa pansi pa nyundo yawo. Tsono lero nyundo yomweyo imati akailoza apa, iyo n'kukagwera apo.

Chimene ankafuna kukhoma chinali chikwangwani cha pa chiliza cha mkazi wawo, Catherine, amene anamwalira zaka ziwiri zapitazo. Chilizacho chinali chitamangidwa kale, ndipo mwambo wochivundukula unali Loweruka la sabata yomweyo. Anthu a kutchalitchi anawauza kuti m'tauni muli olemba pamwala ndi makina, koma a Pitala anapukusa mutu. Catherine anadyera m'mbale zokhoma iwo zaka zoposa makumi anayi, ndiye dzina lake lilembedwe ndi mlendo amene sanamuoneko n'komwe?

Komabe tinene chilungamo, chikwangwani chinali vuto laling'ono. Chimene chinkawadya mumtima chinali chakuti mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, dzina lake Ratidzo, anali asanapondepo pakhomo chiikireni maliro a mayi ake. Sanali kutali ayi. Ankakhala ku Pfupajena, ku Chegutu, ulendo wosakwana ola limodzi pa minibasi, imene kumeneko amati kombi. A Pitala ankadziwa kuti ngati chiliza chivundukulidwa Ratidzo palibe, ndiye kuti mwanayo wapita basi, pakuti pambuyo pa chiliza palibenso mwambo wina woitanira munthu.

Nkhaniyo inayambira pamaliro. Catherine anali Mshona wa ku Ngezi, ndipo alongo ake anafuna kuti thupi likagone kumudzi. Ratidzo anaima ndi amalume ake. A Pitala anakana. Iwo anabadwira m'komboni ya mgodi, bambo awo anabwera wapansi kuchokera ku Ntcheu, ndipo ku Ntcheuko a Pitala ankangokumva m'nkhani. Kwawo kunali ku Rimuka, kumene kunagona makolo awo onse awiri, ndiponso kumene kunatsala malo a iwo eni pambali pa mkazi wawo. Mkangano utafika pachimake, Ratidzo ananena mokweza, anthu onse akumva, kuti mayi ake sangagone pakati pa anthu opanda kwawo. Mawu amenewo a Pitala anawamvapo kambirimbiri m'mabasi ndi m'mizere ya zitupa, koma anali asanawamvepo m'kamwa mwa mwana wobereka okha. Maliro anaikidwa ku Rimuka.

Chaka chitatha, pokonza Misa ya chikumbutso, mtima wawo unali utatsika. Masiku atatu anakonzekera zoti anene pa foni, ndipo anafuna mawu ofatsa, osaumiriza, oti mwana abwere yekha mwa kufuna kwake. Ataimba anati, “Chikumbutso cha amayi ako chili pa 14. Ndangoti udziwe. Koma sindikukukoka ayi.” Ndipo anadzitama mumtima kuti alankhula ngati munthu wamkulu.

Ratidzo anati, “Ndazvinzwa, baba,” kutanthauza kuti wamva, n'kudula foni. Pa 14 sanabwere. Azimayi a kutchalitchi akafunsa, a Pitala ankati mwana wapanikizika ku ntchito, ndipo bodzalo analibwereza tsiku lonse mpaka kukamwa kunawawa.

Za Chishonazo pafunika kufotokoza. A Pitala ankachilankhula bwino lomwe. Ankagulira tomato m'Chishona, kukangana ndi makondakitala m'Chishona, ngakhale Catherine yemweyo anamufunsira m'Chishona. Koma kwa mwana wawo anadziikira lamulo kuyambira tsiku lobadwa: Chichewa basi. Ankati iwo akachisiya, chifera pakhomo pawo. Ratidzo anakula akumva zonse koma akuyankha m'chinenero cha mayi ake ndi cha anzake a kusukulu. Bambo ankaponya Chichewa, mwana n'kubweza Chishona, ndipo m'nyumba zinthu zinkayenda ndithu.

Lolemba m'mawa a Abdulkadir, mnansi wawo wowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, anasuzumira pampanda n'kuona malata atatu aja atatayidwa pansi pa mango. Pa limodzi chilembo C chinakhomedwa kawiri, china pamwamba pa chinzake. Pa lina nyundo inaphonya n'kuboola pakati pa dzina.

“Aikona, achimwene,” anatero a Abdulkadir. “Mumaliza aluminiyamu yense wa mu Kadoma muno.”

“Nyundoyi yatha mutu,” anayankha a Pitala.

“Nyundo ili bwino, tonse tikudziwa. Tamverani. Kumene amagwira Ratidzo kuli makina opinda aluminiyamu popanda kumukhudza. Akuti ndi maginito. Amapanga timapaipi ndi zolumikizira mawaya za ku migodi ya ku Ngezi. Mlamu wanga amakanyamula katundu kumeneko, waona ndi maso. Akuti kungomveka phuu, chinthu chapangika. Ndipo amene amawaliza makinawo ndi mwana wanuyo.”

“Ndiye ine ndipite kukagwada kwa mwana?”

“Ndani wanena zogwada? Pitani ngati kasitomala. Kasitomala sathamangitsidwa.”

A Pitala ananyinyirika mpaka masana, monga mwa mwambo wawo, kenako anafunsa kuti makinawo amafuna chiyani. Mlamu uja ataimbiridwa anati amafuna chikombole, chitsulo cholimba chokhala ndi maonekedwe a chimene ukufuna, kuti lata likakhomedwere pamenepo. Apa mpamene nkhope ya a Pitala inamasuka. Kupinda waya ndi pulayala sikufuna dzanja lolunjika kamodzi n'kamodzi ngati nyundo. Ukakhotetsa, umawongola n'kuyambanso. Masiku awiri anakhala akupinda malembo a waya wonenepa, limodzi limodzi, a Abdulkadir n'kumawawotcherera pa chitsulo chophwatalala. Anawayala chagada, kuchokera kumanja kupita kumanzere, kuti lata likatembenuzidwa malembo akawerengeke bwino, ali olowa m'kati osunga penti. Mizere inali itatu. A Abdulkadir atamaliza kuwotcherera wachitatu anakweza chigoba cha kumaso, nauwerenga pang'onopang'ono chobwerera, n'kuwayang'ana anzawo.

Lachinayi anakwera kombi ya ku Chegutu, chikombole ndi lata lomaliza atazikulunga m'thumba la feteleza. Anadutsa milu yotuwa ya dothi la m'migodi, minda imene kale inkayera ndi thonje, ndi anyamata okumba golide akuyenda m'mbali mwa msewu mafosholo ali paphewa. A Pitala sankaziona kwenikweni. Ankabwereza mumtima kuti iwo ndi kasitomala, abwera ndi ntchito, za Loweruka atchula pomaliza ngati chinthu chongokumbukira. Ankaopa. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zitatu ankaopa mwana amene anamuphunzitsa kumanga zingwe za nsapato.

Malo a ntchitowo anali shedi yaitali ya malata pafupi ndi njanji. Mlonda wa pageti atamva dzina analoza chakumapeto, ndipo kumeneko anapeza Ratidzo atavala ovolosi yabuluu, akuyeza kapaipi. Anali atawonda pang'ono. Chipumi chinali cha Catherine chenicheni, ndi kamzere kaja kamene kankaima pakati pa nsidze akamaganiza. Atawaona anaika kapaipi pansi, nawomba m'manja mwaulemu monga anaphunzitsidwira ndi mayi ake.

“Mamuka sei, baba?”

“Tadzuka,” anatero a Pitala. “Ndabwera ndi ntchito.”

Zimene Ratidzo ankayankha zinali m'Chishona monga mwa masiku onse. Pano tiziika m'chinenero chathu, kupatula pamene mawu enieniwo ndiwo nkhani.

Anamasula thumba patebulo. Ratidzo anayang'ana lata, naligogoda ndi chala, kenako anatembenukira ku chikombole. Anazindikira dzina la mayi ake ngakhale linali chagada, ndipo kamzere ka pachipumi kanazama. Koma naye anali mwana wa bambo ake. Anangoti, “Zitheka. Pafunika tiziboo pambali pa malembo kuti mpweya upeze pothawira, apo ayi lata silikhala bwino.” Ananyamula chikombole kupita nacho pa makina oboolera. A Pitala anaima pomwepo chipewa chili m'manja, akumvetsera chitsulo chikulira. Anaona kuti atafika pa mzere wachitatu mwanayo anaima kaye pang'ono, kenako anapitiriza.

Makina enieniwo anali m'kachipinda kotchingidwa ndi waya wa sefa. Sanali ochititsa mantha monga a Pitala ankaganizira. Kunali mabokosi otuwa aatali ngati mawadirobu, zingwe zonenepa ngati dzanja la munthu, ndi tebulo lachitsulo lokhala ndi mbale yakuda pakati. Pansi panali mzere wachikasu.

“Musanalowe ndiyenera kukufunsani,” anatero Ratidzo, maso ali papepala. “Timafunsa aliyense. Kodi muli ndi kabatire ka mtima? Kapena chitsulo chilichonse chimene madokotala anakuikani m'thupi?”

Atangofunsa anazindikira yekha chimene wafunsa. Zaka ziwiri zinali zokwanira kuti bambo ake ang'ambidwe pachifuwa n'kusokedwa iye osadziwa. A Pitala anali ndi yankho lakuthwa pa nsonga ya lilime, koma analibweza.

“Ndilibe,” anatero.

“Foni ndi wotchi musiye m'kadengu aka kunja kuno.”

Foni inatuluka msanga. Wotchi ndiyo inavuta. Zala zinkavina pa lamba, kachitsulo kakukana kutuluka pa bowo, ndipo pamene a Pitala ankalimbikira mpamene dzanja linkanjenjemera kwambiri. Ratidzo anayang'ana kwa kanthawi, kenako anagwira dzanjalo n'kumasula wotchi yekha. Sanalisiye msanga. Ankalimva likugwedezeka m'manja mwake.

“Zayamba liti izi?”

“Ndi kuzizira,” anatero a Pitala, mwezi wa Okutobala, thukuta lili kamukamu.

Ratidzo anaika lata pamwamba pa mbale yakuda ija, nayala chikombole pamwamba pake mozondotsa, patatsala kampata kochepa, n'kumanga zonse ndi mabawuti akuluakulu. Mmisiri sangaone ntchito ikuchitika osafunsa, ngakhale atakwiya chotani, choncho a Pitala anafunsa kuti nyundo yake ili kuti.

“Palibe nyundo. M'mbale yakudayi muli waya wa mkuwa wokulungidwa ngati nkhata. Mabokosi awo amasonkhanitsa magetsi pang'onopang'ono mpaka adzaze. Ndikadina apa, onse amatuluka nthawi imodzi kudutsa mu nkhatayo, ndipo imasanduka maginito amphamvu zedi, kwa kanthawi kochepa kuposa kuphethira.”

“Ima kaye,” anatero a Pitala. Apa tsopano anali pa bwalo lawo. “Maginito ndimawadziwa ine. Ndili nawo a m'sipika ya wailesi, ndasankhira zitsulo zaka zonsezi. Amagwira chitsulo chenicheni. Aluminiyamu samudziwa n'komwe, amangogwa.”

“N'zoona, maginito ongokhala samugwira. Koma awa amabwera mwadzidzidzi. Akabuka chotero amadzutsa magetsi m'kati mwa lata lomwelo, lata nalo n'kusanduka maginito. Ndiye awiriwo amakanana. Nkhata yamangidwa, singasunthe. Lata ndilo limathawa, n'kukadziwomba pa chikombole.”

“Limathawa?”

“Limakankhidwa.”

A Pitala anapukusa mutu. Zinawakhumudwitsa, ngati kumva kuti kuli madzi oyenda chokwera phiri. “Maginito ntchito yake ndi kukoka,” anatero. “Maginito amene sakoka ndi maginito anji?”

Ratidzo anali akumanga bawuti lomaliza. Anaseka kaseko kouma, osatembenuka.

“Sakoka. Ndiye afanana ndi inu.”

“Watani?”

Sipanala inagwera patebulo. Mwanayo anatembenuka, maso atafiira, ndipo mawu amene anawasunga chaka chathunthu anatuluka onse pamodzi.

“Makati hamusi kundikoka, baba. Ndimi makadaro.”

A Pitala anatsegula pakamwa kuti akane, koma mawuwo anali atalowa kale m'khutu, ndipo analowa m'Chishona. Munati simukundikoka. Ndinu munatero. M'Chishona kukoka munthu ndi kumuitana, ku ukwati, ku phwando, ku mwambo wa pabanja. Liwulo ankalidziwa bwino lomwe. Linalembedwa ndi inki yagolide pa makadi a ukwati wawo ndi Catherine, pamwamba penipeni: Munokokwa, ndiye kuti mukuitanidwa. Analimva m'matchalitchi, analinena okha kwa anansi. Koma tsiku lija pa foni, mtima uli m'mwamba, anali m'Chichewa ndi miyendo yonse iwiri, ndipo sanamve chimene pakamwa pawo panatulutsa. Iwo ankati sakumuguza mwana. Mwana anamva bambo ake akumuimbira foni dala kumuuza tsiku la chikumbutso cha mayi ake, n'kumuuzanso kuti sakuitanidwa.

“Ndinali nditapempha kale tchuthi,” anapitiriza Ratidzo. “Nsalu ndinagula. Tsikulo ndinavala, ndinakhala pabedi ku Pfupajena mpaka dzuwa kupendeka. Ndinati bambo akundilanga chifukwa cha zimene ndinanena pamaliro, ndipo akulondola. Ndikanabwera bwanji pamene mwini nyumba wanena?”

“Mwana iwe,” anatero a Pitala. Mawu anawathawa, ndiye anachita zimene amisiri amachita, kuonetsa ndi manja. Anagwira chitseko cha waya cha kachipindako n'kuchikokera kwa iwo. “Kukoka kwathu ndi uku. Uku! Ndimati sindikukuguza, sindikukukakamiza. Ndimafuna ubwere wekha.”

Ratidzo anayang'ana chitsekocho. Kenako anatchula motsitsa liwu la Chishona la kukoka kotere, “Kudhonza.”

“Eya.”

“Koka chitseko,” anatero Ratidzo, m'Chichewa tsopano, akutsanzira mawu okalipa amene ankawamva ali mwana akalowa m'nyumba mothamanga. Anakhala pa kampando ka pambali. “Ndinkalidziwa. Ndakhala ndikulidziwa moyo wanga wonse. Koma simunkanena za chitseko tsiku lija. Munkanena za mwambo.”

Panalibe woseka, ngakhale nkhaniyo ikanasimbidwa pa mowa anthu akanagwa nayo ndi phwete. Chaka chathunthu, bambo ku Kadoma akuti mwana ndi wonyada, mwana ku Chegutu akuti bambo sakhululuka, ndipo makombi akudutsa pakati pawo tsiku lililonse, ena opanda anthu. A Pitala anamva chisoni chachikulu, ndi manyazi pamwamba pake. Anaganiza za Catherine. Iye ndiye ankaima pakati pa zinenero ziwirizo m'nyumba muja, akumva mbali zonse, ndipo akanakhalapo akanangofuula ali kukhitchini kuti, abambo ako akutanthauza zakuti. Sanazindikire kuti ntchito imeneyo inkagwiridwa mpaka woigwira atachoka.

Ratidzo anapukuta m'maso ndi mkono wa ovolosi, naimirira. “Tiyeni timalize ntchito,” anatero. Anawapatsa zotseka m'makutu, nawabweza kuseri kwa mzere wachikasu, natseka chitseko. Atadina batani loyamba mabokosi anayamba kulira kamawu kopyapyala kokwerakwera, ngati udzudzu uli m'khutu. Muvi wa pa geji unkakwera pang'onopang'ono. Nyale yobiriwira itayaka, Ratidzo anawayang'ana bambo ake, kenako anatenga dzanja lawo lonjenjemera lija n'kuliika pa batani lachiwiri.

“Ndi ntchito yanu. Dinani.”

Phuu! Kunamveka ngati mfuti, tebulo linadumpha pang'ono, fumbi linagwa kuchokera kudenga. Basi. A Pitala anadikira kuti china chichitike, koma panalibenso china.

Pamene Ratidzo ankadikira kuti mabokosi atsitse magetsi otsala, a Pitala anaima akuganiza. Moyo wawo wonse ankakhulupirira kuti chinthu chimapindika pokhapokha chamenyedwa, ndipo pamene sipanagwe nyundo palibe mlandu. Ankanyadira kuti mwana wawo sanamukwezerepo dzanja ngakhale kamodzi. Koma apa anaona ndi maso awo lata likuthawa popanda chilichonse cholikhudza. Ndipo podzifufuza bwino anapeza kuti liwu la Chishona lija silinali lokha lolakwa. Kufatsa kwawo kwa pa foni kunali ndi kunyada m'kati. Sanafune kunena kuti bwera mwanangu, ndikukufuna, chifukwa ankaopa kukanidwa kachiwiri. Anasankha mawu oti akakanidwa asaoneke ngati anapempha. Ngakhale lero lomwe anabwera atabisala kuseri kwa thumba la feteleza.

Ratidzo anamasula mabawuti, nachotsa chikombole, nanyamula lata. Linali lofunda pang'ono. Malembo analowa onse mofanana, akuya bwino, ndipo chilichonse chinatuluka monga a Pitala anachipindira, ngakhale R wopendekeka ndi timabala ta pulayala pa waya. Makina sanakonze kanthu. Linali dzanja lawo ndithu.

Mwanayo anawerenga mokweza, chala chikuyenda m'malembo.

“Catherine Chimbalanga. 1957 mpaka 2022.” Anaima. Mzere wachitatu anali atauona kale poboola, koma kuuona chagada pa chitsulo chadzimbiri n'kosiyana ndi kuuona ukuwala. “Mwana wa ku Ngezi.”

“Thupi ndinakaniza,” anatero a Pitala. “Ndipo ndikanakanizabe lero, usaganize kuti ndasintha. Ndikufuna ndikagone pambali pake. Koma kwawo anali nako. Aliyense wodutsa pamandapo adziwe.”

“Nanunso muli nako kwanu, baba,” anatero Ratidzo. “Ndinalankhula zoipa tsiku lija. Ine ndemwe ndinabadwira ku Rimuka.”

A Pitala anagwedeza mutu. Chinatsala chinthu chimodzi, chimene anakwerera kombi, ndipo anadziwa kuti sichinganenedwe ngati chongokumbukira. Anadziwanso chinenero chimene chiyenera kunenedwamo. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi anasunga lamulo lawo osaphonya tsiku, ndipo kuliswa kunawawawa ngati kuzula dzino. Anakonza kukhosi, naima mowongoka ngati ali pamaso pa akuluakulu.

“Ratidzo mwanangu, ndiri kukukoka. Mugovera, kumakuva. Uuye.”

Anamuitana Loweruka, kumanda, m'Chishona choyera cha mayi ake. Ratidzo anali asanamvepo bambo ake akumulankhula chotero, ndipo misozi imene ankailetsa inangoti chuchuchu. Analikumbatira lata pachifuwa. Atayankha, anayankha m'Chichewa, cholimba lilime, mawu ena akupendekera ku Chishona, koma Chichewa ndithu.

“Ndibwera, ababa. Koma ndikuuzeni. Ngakhale ndikanamva kukoka kwanu kuja, kwa chitseko, zikanandiwawabe. Amayi anali atapita. Ndinatsala ndi inu nokha. Mwana wanu akalakwa n'kukhala patali, mumangomudziwitsa tsiku?” Anapuma. “Mukanandikoka, ababa. Ndinkadikira kuti mundikoke.”

A Pitala anadziwa kuti zinali zoona m'zinenero zonse ziwiri. Anatambasula dzanja lawo lonjenjemera lija, limene linalephera nyundo ndi lamba wa wotchi, nagwira mkono wa ovolosi yabuluu pamwamba pa chigongono. Anakoka. Mphamvu zinali zochepa, zosakwanira ngakhale kutsegula geti la a Abdulkadir, koma mwanayo anasuntha, lata lili pachifuwa, mpaka chipumi chake chinafika paphewa pawo.